Kamakina Kotenga Theka

Malonda abwino kuposa onse amene ndinachitapo ku Limbe anandipeza ndili chikhalire, osawaitana. Katoni yodzaza ndi timakompyuta, kalikonse kukula ngati chikhatho, tonse tamoyo, pamtengo wa nkhuku yachikuda. Inu amene simunagulitsepo kanthu mukanati madalitso. Ine ndakalambira pa kaunjika wa zamagetsi, ndipo ndimadziwa kuti mbewa ikathawira yokha m'thumba mwako, usathamangire kusonkha moto, yamba wayang'ana chimene chikuithamangitsa. Ndinkadziwa bwino zimenezo. Ndinagula.

Mwini katoniyo anafika masana, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, nthawi imene phula amamata kunsapato. Anali atavala jasi la mvula. Thalauza lake linali ndi matope ofiira mpaka m'mawondo, matope aawisi, pomwe Limbe yense anali fumbi lokhalokha. Nkhope yake musandifunse. Ndayesapo kuikumbukira, koma imandizemba ngati dzina la munthu amene munangopatsana moni pamaliro.

Pamsika pali mwambo wake. Wogula amayamba ndi mtengo wachipongwe. Wogulitsa amagwira pamtima, amatchula ana ndi lendi. Wogula amanyamuka ngati akupita, amamuitananso, ndipo onse awiri amasiyana aliyense akukhulupirira kuti wapusitsa mnzake. Ndi momwe timalemekezerana. Ine ndinaponya mtengo wanga wachipongwewo, n'kudikira kutukwanidwa. Munthu uja anangotambasula dzanja. Sanawerenge n'komwe. Anatsetsereka kulowera cha kusiteshoni, ndipo pamene anaima panatsala chinyezi chimene chinakana kuuma mpaka madzulo.

Woyamba kubwera m'mutu mwanga anali Sungeni, mwana wa malemu mnzanga amene tinkagulitsa naye mawailesi kalelo. Amandiitana malume ngakhale magazi athu sanakumanepo. Sungeni ndi wolemba mapulogalamu, koma osati awa okongoletsa nkhope pafoni. Iye amalemba m'kati mwenimweni, m'chimene amati kenelo, pulogalamu ya pansi pa mapulogalamu onse, imene imalankhula ndi zitsulo zenizenizo n'kumang'ung'udza pasikirini, mzere ndi mzere, zonse zimene ikuchita. Anali atapeza ntchito kugulu lina la alimi a mkaka cha ku Bvumbwe. Pamalo aliwonse olandirira mkaka ankafuna pakhale kamakina kolumikiza kusikelo, kuti mlimi akagunditsa khadi lake n'kupachika chigubu, kalembe nthawi ndi dzina lake. Chimene chinkamusowa ndi makina otchipa.

Mwamuna wake, a Makwinja, anapita ndi matope a phiri la Soche chaka chija phiri linatsikira anthu. Anatuluka kukathandiza oyandikana nawo, ndipo sanapezeke ngakhale lamba. Kumudzi anaika thunthu la nthochi m'bokosi, anthu n'kuimba nyimbo zonse monga mwa maliro. Sungeni anasamukira ku Chigumula ndi ana ake amapasa, Upile ndi Tawina, atsikana oyamba kumene sukulu, pamodzi ndi mlamu wake Esinati, mlongo wa malemuwo.

"Malume, mwaba kuti?" anandifunsa atasuzumira m'katonimo.

"Kuba ndi ntchito ya achinyamata, mwanawe. Ine ndimangolandira."

Anatola kamodzi, n'kukanunkhiza. "Bwanji tikununkha dothi lonyowa?"

"Pamtengo umenewu umafuna tinunkhe sopo?"

Anaseka, n'kunyamula katoni yonse.

Sipanapite nthawi yaitali anandiimbira kuti ndifike ku Bvumbwe m'mamawa. Wogulitsa akaitanidwa m'mamawa sakhala akuitanidwira tiyi. Ndinakwera minibasi yoyamba nditakonzeratu bodza loti katunduyo anachoka kwa ine ali bwino.

Ndinapeza alimi ali pamzere, zigubu zili panjinga, nkhungu isanachoke m'mitengo. Onse anaunjikana pa kasikirini kamene Sungeni anapachika pakhoma. Bambo wina anagunditsa khadi, n'kupachika chigubu. Panatuluka nambala yosamveka mutu wake, ndipo pamene pankayenera kukhala dzina la bamboyo panalembedwa kuti: kukuzizira kuno.

Anthu anaseka. "Ngakhale makina akuidziwa Bvumbwe!" anatero wina.

Anabwera wotsatira. Panalembedwa kuti: ndani watseka.

Kuseka kunachepa. Mayi wina wachikulire anatsitsa chigubu chake pamzere, n'kuchimangiriranso panjinga, ulendo wa kwawo, mkaka wake osagulitsa.

Sungeni anandikokera pambali. "Musayambe kulumbira, malume, vuto si katundu wanu. Ndi langa. Pulogalamuyi ndinailembera palaputopu yanga, imene ubongo wake ndi wa mtundu waukulu. Timakina tanuti ubongo wake ndi wa mtundu wina, waung'ono. Tsono kenelo ikafuna kusindikiza nambala, umayenera kuiuza mbale yotungira nambalayo. Ine ndinalemba %lu. Palaputopu chizindikiro chimenecho ndi mbale yaikulu, nambala ya nthawi imakwanamo yonse. Pakamakina aka chizindikiro chomwecho ndi mbale ya theka."

"Ngati ndowa ya mavenda a chimanga," ndinatero. "Dzina ndi ndowa konsekonse, koma yogulitsira anaimenya kunsi ndi mwala."

"Eya. Ndiye imatunga theka la nambala, theka linalo n'kutsala pamzere. Wotsatira pamzerepo ndi wotenga dzina. Ameneyo safunsa mafunso. Chimene wachipeza patsogolo pake amachiyesa keyala, amapita komweko m'nkhokwe ya makina, n'kuwerenga chilichonse chimene wapezako. Pulogalamu yomangira inandichenjeza ndi zilembo zachikasu, koma ndinali pachangu."

"Basi nkhani yatha. Wapita kukeyala yolakwika, wapezako mawu a eni ake akale."

Anapukuta manja pachitenje ngakhale anali ouma.

"Nkhokwe imeneyi imafufutika ukangozimitsa magetsi, malume. Mulibe za eni ake akale. Ndipo nambala ya nthawi imasintha kaphindi kalikonse, keyala n'kumasinthanso. Amayenera kupeza zinyalala za zilembo, kapena makina kungogwa. Sangamagwere pa Chichewa chomveka ulendo uliwonse."

"Mankhwala ake alipo?"

"Osavuta n'komwe. Ndilembe %llu, mbale imene ili chimodzimodzi pamakina onse, aakulu ndi aang'ono."

Anabwerera kukhoma kuti akazule waya. Asanafike, mnyamata wina wa makani anali atapachika kale chigubu chake. Ine ndinawerenga limodzi ndi anthu onse. Panalembedwa mawu amodzi: Anangondo.

Panalibe mlimi wa dzina limenelo, ndipo anthu anangoyang'anana. Koma Sungeni anaima, dzanja lili m'malere, nkhope itatuwa ngati phulusa. Anazula wayayo pang'onopang'ono, n'kukulunga kamakinako m'mpango wake monga amakulungira khanda. Sabata yomweyo anakonza timakina tonse, alimi n'kuyamba kuona mayina awo. Koma kamodzi kaja sikanabwerere ku Bvumbwe.

Amene anandimasulira ndi Esinati. Anatulukira pabenchi panga tsiku lina atavala patapata wobiriwira kuphazi lina, wofiira kuphazi lina.

"Fashoni yatsopano, chemwali?"

"Musaseke, a Likongwe. Kunyumba kwathu kwatha zinthu ziwiriziwiri."

Anakhala pakatoni, n'kuyamba kufotokoza motsitsa mawu. Nangondo ndi mfunda wa Sungeni, ndipo m'tauni muno panalibe womuitana choncho kupatula a Makwinja, nawonso akakhala kuti alakwa ndipo akufuna kukhululukidwa. Sungeni anaika kamakinako patebulo la kuchipinda, n'kulumikiza sikelo yakale. Akaweruka amapachikapo ndowa ya madzi, mzere n'kutuluka. Amatsitsa, n'kupachikanso.

"Ndipo achimwene anuwo amayankhula?"

"Ine sinditchula kuti ndi achimwene. Chimene chilipo chinalemba kuti 'ana adya'. Tsiku lina chinalemba kuti 'denga lija'. Achimwene anasiya atalonjeza kukonza denga." Anasendera pafupi. "Koma kukacha, chinthu chimasowa. Patapata mmodzi. Ndolo imodzi. Dzana chitseko chimodzi cha kabati chinachoka ndi mahinjesi ake, m'mabowo a misomali muli matope. Sichitenga zonse, a Likongwe. Chimasiya chinzake kuti uzichiona."

"Akuba a ku Chigumula ali ndi nthabwala."

"Wakuba amapala matope pakhonde? Tikagona timamva munthu akupala nsapato pasitepe. Khwee, khwee. Amapala, amapala, ngati munthu waulemu amene safuna kudetsa m'nyumba mwa eni. Timadikira kuti agogoda. Sagogoda. Galu wa aneba athu anasiya kugona mbali imeneyo."

Ndinamuuza kuti apite kwa abusa, poti ndi zimene munthu amanena akasowa chonena. Anati abusa anabwera kale, anapemphera mpaka thukuta, ndipo anabwerera kwawo galasi limodzi la mandala awo mulibe.

Posakhalitsa Sungeni mwini wake anafika. Anali atawonda, koma maso ali gwa, ngati munthu amene wapeza njira yachidule.

"Malume, mundipezere belo la nsapato. Zilizonse, ngakhale zong'ambika, bola zikhale ziwiriziwiri."

Apa ndiye ndinaona kuti mwana wa mnzanga watengera bambo ake. Anali atawerengera bwinobwino: mzere umodzi, chinthu chimodzi. Ndiye bwanji kulipira ndi zitseko za kabati pomwe ku Limbe kuli nsapato za kaunjika zosowa wogula? Munthu ndi wodabwitsa. Mumuonetse dzenje lopanda malire, iye ayamba kufunsa ngati pali kuchotsera akagula zambiri.

"Ukufunanji kwenikweni, mwanawe? Moni wamva kale."

"Ndikufuna malo, malume. Ana anga amakaika maluwa pa nthochi. Andiuze pamene agona, ndikakumbe ndi manja angawa, ndiwaike ngati munthu. Akangonena, nditseka."

Belolo ndinamupezera. Pamtengo wabwinonso.

Nditapita kukaona ndekha, linali Loweruka dzuwa litapendeka. Pabalaza panali mulu wa nsapato zopanda zinzake, za ana, za azimayi, majombo, zonse zitayang'ana uku ndi uku. Nyumba yonse inkanunkha ngati munda mvula yoyamba itangogwa, pomwe kunja kunali ng'amba. Sungeni anandilowetsa kuchipinda. Anagwada patsogolo pa tebulo, n'kulankhula mofatsa ngati wodzutsa wodwala.

"Bambo a mapasa, muli pati?"

Anapachika ndowa. Singano ya sikelo inanjenjemera. Pasikirini panabwera: ndili pansi pa.

Basi. Pansi pa chiyani, osanena.

Anatsitsa, n'kupachikanso: pafupi ndi.

Anapachikanso: ukadutsa pa.

"Mukuona? Atsala pang'ono," anatero, akundiyang'ana ndi chimwemwe chimene chinandizizira m'mafupa. "Amangofika theka. Tsiku lina theka linalo lidzatuluka."

Ine ndagulitsapo wailesi yopanda sipika kwa munthu, ndi lonjezo loti sipikayo ifika Lachisanu. Ndimaidziwa nkhope ya malonda amene cholinga chake n'chakuti wogula azibwerabe. Ndinachita chimene sindinachitepo chibadwire: ndinayamba ndi mtengo wapamwamba. Ndinati andigulitse kamakinako pamtengo wa katoni yonse. Anapukusa mutu. Ndinawonjezera. Anaseka pang'ono.

"Malume, inu mukayamba kukweza nokha, ndiye kuti katunduyo ndi wabwino."

Ndinaphunzitsa mwana bwino kwambiri.

Nsapato zinagwira ntchito kwa kanthawi, kenaka zinaleka. Kukacha ankazipeza zonse zili ziwiriziwiri momwe anazisiyira, zitangonyowa. Sungeni anagula nkhunda ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. M'mawa inatsala imodzi, khola lili chitsekere, ndipo yotsalayo sinalirenso mpaka inafa. Anagula akalulu awiri. Zomwezo. Ndiye tsiku lina ndikumulankhula ndinaona kuti akutembenuza mutu kuti andimvere kumanja.

"Khutu latani?"

"Chimfine chabe."

"Chimfine cha khutu limodzi?"

Tinali pabalaza, pakati pa mulu uja. Ndinayang'ana kabati ya chitseko chimodzi, mpando wotsala ndi chogwirira chimodzi, zenera lotsala ndi katani imodzi. Kenaka ndinayang'ana pamphasa. Upile ndi Tawina anali atakhala mogundana mapewa, madiresi ofanana achikasu, tsitsi lolukidwa mofanana, akudya mango limodzi molandizana. M'nyumba monsemo, chinthu chamoyo chokha chimene chinali chidakali chiwiri chinali chimenecho.

Esinati anaona kumene maso anga anaima. Anaphimba pakamwa ndi chitenje.

"Sungeni," ndinatero, ndipo sindinawonjeze mwanawe. "Tayang'ana pamphasapo."

Anayang'ana. Ndinaona nkhope yake ikumvetsa chimene mutu wake unali utadziwa kale n'kumachibisa.

"Bambo awo sangatero," ananong'ona.

"Amene amatenga khutu la mkazi wake? Ine a Makwinja ndinkawadziwa. Ankabweza chenji ngakhale utaiwala. Ameneyu sindikumudziwa."

Tinapangana nzeru ya pamsika, poti ndi yokhayo ndili nayo. Wogula akamafuna zinthu ziwiriziwiri, umamasula mpambo asanafike. Madzulo omwewo Esinati anameta Upile mpala, mwana akulira, n'kumuveka malaya ndi kabudula wa mwana wa aneba. Tinauza ana kuti kwa kanthawi asamatchulane mapasa. Sungeni analonjeza kuti ana akangosiyana, atseka kamakinako tsiku lomwelo. M'mawa mwake ndinaperekeza Esinati ndi Upile kukakwera minibasi ya ku Mulanje, kumudzi kwa a Makwinja. Tawina anaima pageti osalira, akungoyang'ana msewu. Ine ndinabwerera kubenchi kwanga ndikudziyamikira kuti ndapusitsa wina amene sindinamuonepo nkhope.

Ndipo zinaoneka ngati zatheka. Kupala kwa pakhonde kunaleka. Palibe chinasowanso. Koma Sungeni sanatseke tsiku lomwelo monga analonjezera. Ankapachikabe ndowa, akuti komaliza, n'kupachikanso komaliza kwina. Kamakinako kankatulutsa nambala yake yatheka, ndipo pamalo a dzina panali mbee, popanda kanthu. Ngati munthu amene wakhala chete pamsika, manja m'thumba, podziwa kuti ubwera wekha.

Pomaliza anatopa. Anandiimbira mitambo yoyamba ya dzinja itayamba kusonkhana.

"Sakundiyankhanso, malume. Bwerani mudzakhale mboni. Ndikufuna mwana wanga abwere kunyumba."

Ndinapita ndi hamala m'chikwama. Ndinati tingokaphwanya, zidutswa tikataye mumtsinje wa Mudi.

"Mukaphwanya chitseko ndiye kuti mwatseka?" anandifunsa. "Ndinatsegula ndi dzanja langa polakwitsa mbale. Nditseka ndi dzanja langa poikonza. Nambala ikalowa yonse m'mbale yake, sipatsala theka loti wina aliyese keyala."

Zinali zomveka. Mpaka lero ndikaziganiza zimamvekabe.

Kunja kunali kutada ndi mitambo ngakhale nkhuku zinali zisanalowe. Tawina ankaponya mpira wa mapepala kukhoma la nyumba n'kumauwakha yekha, phu, phu, phu. Sungeni anatsegula laputopu, n'kundionetsa mzere uja ndi chala. Anakonza. Anamanga pulogalamu, ndipo ulendo uno sipanatuluke chilembo chachikasu ngakhale chimodzi. Anaisamutsira m'kamakina, anakazimitsa, anakayatsanso. Anapuma mozama, n'kupachika ndowa.

Nambala inatuluka yaitali, yathunthu, yokongola. Pambali pake panatuluka dzina.

Upile.

Ine ndinadzuka pampando. Koma Sungeni anaseka, kuseka kwa munthu amene watula mtolo.

"Khalani pansi, malume, ndi mmene ziyenera kukhalira! Vuto lija lakonzeka. Pakapanda khadi la mlimi, pulogalamu imatenga dzina loyeserera limene ndinaikamo tsiku loyamba. Ndinkafuna dzina lililonse, Upile anali pamiyendo panga akundisokoneza, ndiye ndinangolemba..."

Kuseka kunathera pakati.

"Ndiye kuti kuno kunyumba," ndinafunsa, "nthawi zonse ukapachika ndowa..."

"Ndinali kupereka dzina lake." Mawu ake anatuluka ouma. "Ulendo uliwonse. Linali pamzere pomwepo, kumbuyo kwa theka lija. Wotenga dzina sankalifikira, chifukwa ankayamba wapunthwa pa chotsalacho." Anayang'ana manja ake. "Ndamuchotsera chopunthwitsa."

Pamenepo ndinazindikira kuti kunja kuli zii. Mpira unali utaleka. Tawina anali ataima pakhomo la chipinda, manja ali lende, akuyang'ana osati ife koma pambali pake, pamene panalibe munthu. Pamalata panagwa dontho limodzi, kenaka lina. Foni ya Sungeni inayamba kulira patebulo, dzina la Esinati likuwala. Inalira mpaka kuleka, palibe anaigwira. Itayambanso ndinaitenga ine.

Esinati sankalira. Kukanakhala bwino akanalira. Anati mwana anali pakhonde akusenda chinangwa ndi azakhali ake ena. Mwanayo anadzuka ngati waitanidwa, anati "Abwera," n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Azakhaliwo anamutsatira nthawi yomweyo, mpeni udakali m'manja. Ku Mulanje tsiku limenelo mvula inali isanagwe, bwalo lonse linali louma gwa. Koma kuseri kwa nkhokweko anapeza kadera konyowa, kukula ngati mphasa, ndi mapazi a mwana olowa. Otuluka panalibe.

Anthu anafufuza m'minda ya tiyi, m'mitsinje, m'zitsime. Anakumba pamene panali ponyowapo mpaka anafika pathanthwe. Apolisi analemba zolemba zawo. Ine ndinayenda Limbe yense kufunsa za munthu wa jasi la mvula, ndipo mavenda anzanga, anthu amene amakumbukira nkhope ya aliyense amene anawadutsa osagula, onse anati tsiku la malonda aja anandiona nditakhala ndekha, katoni ili pamiyendo.

Timakina tina tonse tikugwirabe ntchito ku Bvumbwe. Alimi amatitama, akuti sitinaphonyepo dzina la munthu. Wapampando wawo anandifunsapo ngati ndingapeze katoni ina.

Sungeni anabwezeretsa cholakwa chija ndi dzanja lake lomwe. Anaikanso mbale ya theka, ndipo tsiku lililonse amagwada, amaitana mwana wake, amapachika ndowa. Kamakinako kamatulutsa zinyalala za zilembo, kenaka kamagwa, ndendende monga mabuku ake amanenera. Amakayatsanso. Wagula nsapato, wagula nkhunda, tsiku lina ndinamupeza atagoneka manja ake onse awiri patebulo, akudikira. Palibe akufuna kugula.

Anthu akamva nkhaniyi amakonda kufunsa kuti analipira ndani, poti malonda alionse amakhala ndi wolipira. Ena amati Sungeni. Koma Sungeni analowa pamsika ndi mapazi ake, ndipo kanthu kena analandirako, ngakhale kanali theka. Upile sindingamuwerengere, chifukwa sindidziwa kumene ali, kapena amene anamugwira dzanja. Amene ndimamuona ndi maso anga ndi Tawina, amene sanagule kanthu, sanagulitse kanthu, sanafunsidwe n'komwe.

Akukula bwino, amadya, amapita kusukulu. Koma ana awiriwo kuyambira ali aang'ono ankagawana mawu, wina kuyamba, wina kumaliza, ndipo Tawina ndiye anali woyamba. Mpaka lero ndi woyamba. Mukamufunsa ngati wadya, amati, "Tadya nsima ya..." n'kutembenukira kumanzere kwake. Amadikira mwaulemu, nthawi yaitali, osaphethira. Kenaka amagwedeza mutu ngati yankho laperekedwa, n'kubwerera kumasewera ake.

Analipira ndi iyeyo. Theka la mawu alionse amene adzalankhule mpaka tsiku limene adzamuike.